Mmene Mungasanthulire Mathero a Chess Pakatsala Mafumu ndi Mapooni Okha

Masewero a chess akafika poti makwini, maruku, mabishopu ndi mahatchi onse adyedwa, ndipo pa bolodi patsala mafumu awiri ndi mapooni owerengeka, osewera ambiri mtima umakhala pansi poganiza kuti chovuta chapita. Kumeneko n'kudzinamiza, chifukwa pamene zida zili zochepa ndi pamenenso mpata wokonza cholakwa umasowa. Pakati pa masewero munthu akhoza kusuntha molakwika n'kudzapeza pothawira, koma m'mathero a mafumu ndi mapooni muvu imodzi yokha imasiyanitsa kupambana, kulepherana ndi kugonja. Ubwino wake ndi wakuti mathero amenewa amawerengeka mpaka kumapeto, monga katswiri wa bawo amawerengera nkhomo zake asanatape dzenje, ndipo malangizo ali m'munsiwa akusonyeza dongosolo la mafunso amene muyenera kudzifunsa kuti musamasunthe mongoganizira.

Khalani ndi bolodi pafupi, popeza kuwerenga kokha sikukwanira. Mizere yoimirira imatchulidwa ndi zilembo kuyambira a mpaka h, ndipo mizere yopingasa imatchulidwa ndi manambala kuyambira 1 mpaka 8, kuwerengera kuchokera kumbali ya Woyera. Chilembo K chikuimira mfumu, Q chikuimira kwini, x chikusonyeza kudya, + chikusonyeza cheki, =Q chikusonyeza kuti pooni yasanduka kwini, ndipo muvu yopanda chilembo chachikulu ndi ya pooni. Madontho atatu pambuyo pa nambala akusonyeza kuti muvuyo ndi ya Wakuda.

Choyamba: dziwani amene akusuntha ndi mtundu wa pooni iliyonse

Musanaganize za muvu iliyonse, lembani malo a zida zonse ndi dzina la mbali imene ili ndi danga losuntha. Izi zingaoneke ngati zachibwana, koma ikani mfumu yoyera pa e1, pooni yake pa e2, ndi mfumu yakuda pa e8. Woyera akayamba amapambana, ndipo Wakuda akayamba masewero amathera kulepherana. Zida ndi zomwezo, malo ndi omwewo, chosiyana ndi woyamba kusuntha basi. Chifukwa chake chidzaoneka m'gawo lachitatu.

Kenako yang'anani pooni iliyonse payokha. Pali pooni yomasuka, imene ilibe pooni ya mdani kutsogolo kwake pa mzere wake kapena pa mizere iwiri yoyandikana nawo. Pali pooni yotsekeka, imene yagundana mphumi ndi inzake ndipo singasunthe. Palinso pooni imene ikadali ndi mamuvu otsala ngakhale kuti sikupita kulikonse, ndipo muwerenge mamuvu amenewa pa mbali zonse ziwiri, chifukwa ndi chuma chimene chidzagwire ntchito mafumu akadzapanikizana.

Chachiwiri: onani ngati pooni yomasuka ingathe kudzithamangira yokha

Funso limeneli liyenera kubwera msanga chifukwa likayankhidwa kuti inde, mafunso ena onse alibenso ntchito. Werengani mabokosi kuchokera pamene pooni ili kufika pa mzere womaliza, kuphatikizapo bokosi limene yaimapo, ndipo muwerenge nambala yomweyo cham'mbali kulowera kumene kuli mfumu ya mdani. Mukatero mwajambula sikweya m'maganizo. Mfumu ya mdani ikakhala m'kati mwa sikweyayo, kapena ikatha kulowamo pa muvu yake, pooni igwidwa. Ikalephera, pooni isanduka kwini.

Ikani pooni yoyera pa b4, mfumu yakuda pa g5, ndi mfumu yoyera kutali pa h1. Kuchokera pa b4 kufika pa b8 ndi mabokosi 5, choncho ngodya za sikweya ndi b4, f4, f8 ndi b8. Wakuda akayamba, 1...Kf6 ikumulowetsa m'sikweya, ndipo pambuyo pa 2.b5 Ke7 3.b6 Kd7 4.b7 Kc7 pooni yagwidwa. Woyera akayamba ndi 1.b5, sikweya yachepa n'kulekezera pa mzere wa e, ndipo 1...Kf6 2.b6 Ke7 3.b7 Kd7 4.b8=Q ikusonyeza mfumu itachedwa ndi muvu imodzi. Kumbukirani zinthu ziwiri zimene zimasokoneza kuwerengaku. Pooni imene sinasunthepo imalumpha mabokosi awiri, choncho ya pa mzere wachiwiri muiwerenge ngati ili pa mzere wachitatu. Komanso mfumu ikhoza kukhala m'sikweya koma njira yake ili yotsekeka ndi pooni yake yomwe kapena ndi bokosi limene mdani akulilondera, ndiye tsatirani ndi chala njira yeniyeni imene mfumuyo idzadzere.

Chachitatu: pezani mabokosi a makiyi, kenako muone amene ali ndi opozishoni

Pooni ikakhala kuti singadutse yokha, nkhani yonse imasanduka ya mafumu awiri, ndipo apa ndi pamene pafunika kufatsa kwambiri. Pooni iliyonse ili ndi mabokosi amene mfumu yake ikangoimapo, pooniyo idzasanduka kwini zivute zitani, kaya akusuntha ndani, malinga ngati mdani sakuidya pa muvu yomweyo. Mabokosi amenewa tiwatchule kuti makiyi. Kwa pooni ya pa mzere wachiwiri, wachitatu kapena wachinayi, makiyi ndi mabokosi 3 amene ali mizere iwiri kutsogolo kwake: pooni ya e2 makiyi ake ndi d4, e4 ndi f4, ndipo ya e4 makiyi ake ndi d6, e6 ndi f6. Pooni ikafika pa mzere wachisanu makiyi amachuluka n'kukhala 6, moti ya e5 makiyi ake ndi d6, e6, f6, d7, e7 ndi f7. Zimenezi zikufotokoza chitsanzo cha poyamba chija. Woyera akayamba amasewera 1.Kd2 Ke7 2.Ke3 Ke6 3.Ke4 ndipo wafika pa kiyi, pamene Wakuda akayamba, 1...Ke7 2.Kf2 Ke6 3.Ke3 Ke5 ikutseka makomo onse atatu.

Onani kuti pooni ikamapita patsogolo makiyi ake nawonso amasunthira patsogolo. Ichi ndi chifukwa chake kukankha pooni mfumu isanatsogole ndiko kulakwa kofala kwambiri pakati pa ongoyamba kumene: amaona ngati akuyandikira kwini, chonsecho akutalikitsa makiyi amene mfumu yawo ikanafikapo mosavuta.

Chida cholimbirana makiyi ndi opozishoni, kutanthauza kuti mafumu ayang'anizana pa mzere umodzi, pakati pawo pali bokosi limodzi, ndipo amene ali ndi danga losuntha ndiye ayenera kupatuka. Amene sakusuntha ndiye ali ndi opozishoni. Ikani mfumu yoyera pa e4, pooni pa e3, mfumu yakuda pa e6. Makiyi ndi d5, e5 ndi f5. Wakuda akakhala wosuntha ayenera kusiya khomo limodzi, monga 1...Kd6 2.Kf5, ndipo masewero atha. Woyera akakhala wosuntha sangadutse, ndipo ndi bwino kuti mutsatire mzere wonsewu pa bolodi kufikira mutauloweza, chifukwa ndiwo udzakupulumutseni kambirimbiri mukakhala kuti mwatsala ndi mfumu yokha pamene mdani ali ndi pooni imodzi: 1.Kd4 Kd6 2.e4 Ke6 3.e5 Ke7 4.Kd5 Kd7 5.e6+ Ke7 6.Ke5 Ke8 7.Kd6 Kd8 8.e7+ Ke8 9.Ke6. Apa mfumu yakuda ilibe kopita ndipo sili pa cheki, zimene amazitcha stalemate, ndipo masewero athera kulepherana. Muvu yofunika kwambiri pamenepa ndi 6...Ke8, kubwerera molunjika pa mzere wa pooni. Wakuda akanabwerera chopendekera ndi 6...Kd8, Woyera akanatenga opozishoni ndi 7.Kd6, ndipo 7...Ke8 8.e7 Kf7 9.Kd7 ikanabweretsa kwini. Pa malo ngati amenewa pali chizindikiro chosavuta kukumbukira: pooni ikafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri ndi cheki, ndi kulepherana, koma ikafika mwakachetechete, ndi chipambano.

Tsopano bwezerani pooni ija pa e2, mafumu akhale pa e4 ndi e6 pomwepo, Woyera akhale wosuntha. Muvu ya 1.e3 ikupereka danga kwa Wakuda popanda mfumu yoyera kuchoka pamalo pake, ndipo Wakuda ayenera kupatuka. Izi zikusonyeza ntchito ya mamuvu otsala amene munawerenga poyamba paja.

Mafumu akakhala patali, lamulo ndi lomwelo: pa mzere umodzi, pakati pawo pakakhala mabokosi 3 kapena 5, amene sakusuntha ndiye ali ndi opozishoni, ndipo njira yachidule yoonera ndi yakuti mafumu onse awiri amakhala pa mabokosi a mtundu umodzi. Komabe musaiyese opozishoni cholinga pachokha. Ine ndimaiona ngati khasu chabe, pamene munda ndi makiyi. Ngati mfumu yanu ingafike pa kiyi mwachindunji, pitani, musataye nthawi kuyang'anizana ndi mdani.

Mapooni a m'mphepete ali ndi malamulo awoawo. Pooni ya pa mzere wa a makiyi ake ndi b7 ndi b8 okha, ndipo ya pa mzere wa h makiyi ake ndi g7 ndi g8. Mfumu yoteteza ikangolowa pa ngodya, kapena ikafika pa c8 polimbana ndi pooni ya a pamene mfumu yoyera sinafike pa kiyi, nthawi zambiri palibenso chimene mwini pooni angachite. Mapooni a pa mizere ya b ndi g nawonso ali ndi msampha umene ine ndinagwamo pa mpikisano wina, nthawi itanditsalira yochepa. Mfumu yanga inali pa f7, pooni pa g5, mfumu ya mnzanga pa h8. Ndinakankha 1.g6 mwachimwemwe, ndipo mnzangayo anangotambasula dzanja, popeza mfumu yake inalibe kopita. Njira yoyenera inali 1.Kg6 Kg8 2.Kh6 Kh8 3.g6 Kg8 4.g7 Kf7 5.Kh7, kutanthauza kuti ndi pooni ya g mfumu iyenera kudzera cha kumphepete kwa bolodi, osati cha pakati.

Chachinayi: funani malo amene kusuntha kuli chilango

Liwu la Chijeremani lakuti zugzwang limanena za malo amene wosewera akanakonda kungokhala osasuntha, koma malamulo akumukakamiza, ndipo muvu iliyonse imene ali nayo ikumuwononga. Opozishoni ndi mtundu umodzi chabe wa zugzwang. Mtundu wina woopsa ndi uwu: pooni yoyera pa e4, yakuda pa e5, mfumu yoyera pa d5, yakuda pa f4. Mfumu iliyonse ikuteteza pooni yake ndi kuopseza ya inzake, ndipo amene ali ndi danga losuntha ataya pooni ndi masewero omwe. Mukaona mapooni awiri ogundana chotere, werengani mosamala kuti musakhale woyamba kuponda bokosi limene mdani adzakuyankheni ndi zugzwang.

Posanthula, njira yake ndi yolemba mabokosi awiriawiri: mfumu yanga ikakhala apa, ya mdani iyenera kukhala pati kuti ndisadutse? Chitsanzo chodziwika ndi mayina a osewera awiri, Fahrni ndi Alapin, chikuonetsa bwino ntchito imeneyi. Woyera ali ndi mfumu pa d5 ndi mapooni pa a5 ndi c6, Wakuda ali ndi mfumu pa c8 ndi pooni pa a6, ndipo wosuntha ndi Woyera. Akapita 1.Kc5 pofuna kulowa pa b6, Wakuda ayankha 1...Kc7 ndipo khomo latsekeka. Akapita 1.Kd6, Wakuda ayankha 1...Kd8, ndipo 2.c7+ Kc8 3.Kc6 ndi stalemate. Choncho c5 ikuyenderana ndi c7, d6 ikuyenderana ndi d8, ndipo d5, imene yagundana ndi c5 ndi d6, ikuyenderana ndi c8, imene yagundana ndi c7 ndi d8. Malo amene tayambira aja ndi zugzwang, koma wosuntha ndi Woyera, ndiye ntchito yake ndi kubwezera malo omwewo danga lili kwa Wakuda.

Amachita zimenezi poyenda mozungulira mabokosi atatu, d4, c4 ndi d5: 1.Kd4 Kd8 2.Kc4 Kc8 3.Kd5. Wakuda sangathe kuzungulira chimodzimodzi, chifukwa akaponda c7 pamene mfumu yoyera ili pa d4 kapena c4, Woyera ayankha Kc5 ndipo zugzwang yagwera Wakuda. Pambuyo pa 3.Kd5, muvu ya 3...Kc7 ikumana ndi 4.Kc5 Kc8 5.Kb6 ndipo pooni ya a6 yapita, pamene 3...Kd8 ikumana ndi 4.Kd6 Kc8 5.c7 Kb7 6.Kd7 Ka7. Apa dzanja limayabwa kufuna kuika kwini, koma 7.c8=Q ndi stalemate. Muvu yoyenera ndi 7.Kc6, kenako 7...Ka8 8.c8=Q+ Ka7 9.Qb7, ndipo mfumu yakuda yagwidwa.

Chachisanu: werengani njira ya mfumu, ndipo musakhulupirire maso

Pa msewu njira yolunjika ndiyo yaifupi, koma pa bolodi mfumu ikayenda chopendekera imatenga mamuvu ofanana ndi ikayenda molunjika. Kuchokera pa h8 kufika pa h2 ndi mamuvu 6 kutsika ndi mzere wa h, ndipo ndi mamuvu 6 omwewo kudzera pa g7, f6, e5, f4 ndi g3. Choncho mukapeza kumene mfumu ikufuna kupita, musalekere pa kuwerenga mamuvu. Yang'anani njira zonse zofanana kutalika, ndipo musankhe imene ikugwiranso ntchito ina m'njiramo.

Katswiri wa chess Richard Réti anasindikiza mu 1921 chitsanzo chimene chimaoneka ngati chosatheka. Woyera ali ndi mfumu pa h8 ndi pooni pa c6, Wakuda ali ndi mfumu pa a6 ndi pooni pa h5, ndipo wosuntha ndi Woyera. Malinga ndi lamulo la sikweya, mfumu yoyera singaigwire pooni ya h, ndipo mfumu yakuda ili pafupi kudya ya c6. Komabe masewero amathera kulepherana: 1.Kg7 h4 2.Kf6. Mfumu ikuyandikira mapooni onse awiri nthawi imodzi. Wakuda akathamanga ndi 2...h3, Woyera atembenukira kwa pooni yake ndi 3.Ke7 h2 4.c7 Kb7 5.Kd7, ndipo onse awiri apeza makwini. Wakuda akasamala pooni yoyera ndi 2...Kb6, wataya muvu imodzi, ndipo 3.Ke5 ikumuika pa mphambano: 3...Kxc6 ikulola 4.Kf4, mfumu yalowa m'sikweya, pamene 3...h3 ikulola 4.Kd6 h2 5.c7 Kb7 6.Kd7, makwini awiri kachiwiri. Phunziro loti mutenge posanthula ndi lakuti lamulo la sikweya limagwira ntchito pokhapokha ngati mdani alibe choopseza china chokukakamizani kutaya muvu.

Ntchito ina imene mfumu ingagwire m'njira ndi kutchinga inzake ndi phewa. M'masewero a Schlage ndi Ahues, ku Berlin mu 1921, Woyera anali ndi mfumu pa f7 ndi pooni pa a6, Wakuda anali ndi mfumu pa b2 ndi pooni pa a7. Pooni ya a7 singapulumuke, ndipo chiyembekezo chokha cha Wakuda ndi kufika pa c7 pa nthawi imene mfumu yoyera yadya pa a7, kuti aitsekere pa ngodya. Woyera anasewera 1.Ke6 Kc3 2.Kd6, ndipo pambuyo pa 2...Kd4 3.Kc6 Ke5 4.Kb7 Kd6 5.Kxa7 Kc7 analepherana. Akanasewera 2.Kd5, ulendo wake ukanakhala wa mamuvu 5 omwewo, koma mfumu yakuda ikanamanidwa bokosi la d4 n'kuchedwa ndi muvu imodzi: 2...Kb4 3.Kc6 Ka5 4.Kb7 Kb5 5.Kxa7 Kc6 6.Kb8, ndipo mfumu yoyera ili pa kiyi. Kusiyana kwa d5 ndi d6 n'kochepa kwambiri m'maso, koma ndi kumene kunali theka la pointi.

Chachisanu ndi chimodzi: mapooni akakhala ambiri mbali zonse

Apa funso loyamba ndi lakuti ndani ali ndi pooni yomasuka imene ili kutali ndi mapooni ena onse. Pooni yotere kawirikawiri sisanduka kwini. Ntchito yake ndi ya nyambo, kukokera mfumu ya mdani kumphepete pamene yanu ikukadya mbali ina. Ikani mfumu yoyera pa c4 ndi mapooni pa a4 ndi g5, mfumu yakuda pa c6 ndi mapooni pa c5 ndi g6. Zida n'zofanana, aliyense ali ndi pooni yomasuka, koma ya Woyera ili kunja. Masewero amayenda chonchi: 1.a5 Kd6 2.a6 Kc6 3.a7 Kb7 4.Kxc5 Kxa7. Tsopano werengani m'malo moyenda muvu ndi muvu. Woyera akufuna mamuvu 4 kuti adye pa g6, kudzera pa d6, e6 ndi f6, ndipo akadya, mfumu yake ili kale pa kiyi ya pooni ya g5, pamene yakuda ikadali cha pa e7. Bobby Fischer anagonjetsa Bent Larsen ndi njira yomweyi, pogwiritsa ntchito pooni ya pa mzere wa a, m'masewero achisanu a mpikisano wawo wa ku Denver mu 1971, umene Fischer anapambana 6–0.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi pali njira yoboola mpanda popereka mapooni. Ikani mapooni oyera pa a5, b5 ndi c5, akuda pa a7, b7 ndi c7, mfumu yakuda pa g8 ndi yoyera pa h1. Palibe pooni yomasuka, komabe Woyera akayamba amapambana ndi 1.b6. Wakuda akadya 1...axb6, pakubwera 2.c6 bxc6 3.a6, akadya 1...cxb6, pakubwera 2.a6 bxa6 3.c6. Woyera wapereka mapooni awiri, koma wachitatu watsala ndi mamuvu awiri okha kuti asanduke kwini, ndipo mfumu ya pa g8 ili kunja kwa sikweya. Mfumuyo ikanakhala pa f7, nthambi yachiwiri ikanalephera, choncho sikweya muijambule musanapereke kanthu. Wakuda akakhala woyamba, chitetezo chake ngati akusuntha pooni ndi 1...b6, popeza 1...a6 imagonja kwa 2.c6 ndipo 1...c6 imagonja kwa 2.a6. Mapooni a mdani akafika pa mzere wachisanu ndipo mfumu yanu ili kutali, fufuzani kuboola kotereku pa muvu iliyonse.

Chachisanu ndi chiwiri: musalekeze kuwerenga pamene kwini wabadwa

Pa mpikisano wothamangitsa mapooni, werengani mamuvu a mbali iliyonse payokha, kenako muone amene akuyamba. Mukapeza kuti nonse mukupeza makwini, pitirizani ndi mafunso atatu. Kodi kwini woyamba akubadwa ndi cheki, zimene zimalanda mdani muvu yake? Kodi akulondera bokosi limene pooni ya mdani ikufuna kufikapo, monga kwini wa pa a8 amalondera h1 ngati mzere wopendekera uli wotseguka? Kodi makwini onse atabadwa pali cheki imene ingachotse mfumu ya mdani pa mzere n'kusiya kwini wake poyera?

Mukapeza kuti inu muli ndi kwini pamene pooni ya mdani yafika pa bokosi lotsala limodzi, mfumu yake ili pambali pake ndipo yanu ili kutali, yang'anani mzere wa pooniyo. Ikakhala ya pa b, d, e kapena g, mupambana: perekani macheki kufikira mfumu ya mdani itakakamizika kuima kutsogolo kwa pooni yake, ndipo nthawi iliyonse ikatero muyandikitse mfumu yanu ndi bokosi limodzi. Ikakhala ya pa a, c, f kapena h, nthawi zambiri ndi kulepherana. Pooni yakuda ikakhala pa c2 ndi mfumu yake pa b1, cheki ya Qb3 imayankhidwa ndi Ka1, ndipo kudya pooniyo ndi stalemate. Pooni ikakhala pa a2, cheki yomweyo imalowetsa mfumu pa a1 pamene ilibenso muvu, ndiye mulibe mpata woyandikitsa mfumu yanu. Kudziwa zimenezi kumasintha chisankho cha mamuvu khumi m'mbuyo, chifukwa mumadziwiratu pooni ya mdani yoyenera kudya ndi imene mungaisiye kuti ithamange.

Chomaliza: yesani zimene mwapeza

Mukamaliza kusanthula, lembani chigamulo chanu m'mawu amodzi, kupambana, kulepherana kapena kugonja, pamodzi ndi muvu yoyamba ndi mzere umene mukuukhulupirira. Kenako tembenuzani bolodi, mukhale kumbali ya mdani, ndipo pa muvu yake iliyonse mufune ina yoposa imene munamupatsa, makamaka mamuvu a mfumu obwerera m'mbuyo ndi mamuvu a pooni ongotaya danga, popeza amenewa ndi amene maso amawadumpha. Mukatero mpamene mungafunse kompyuta. Malo onse okhala ndi zida zosapitirira 7, kuwerengera mafumu omwe, anawerengedwa kale mpaka kumapeto m'nkhokwe zotchedwa tablebase, ndipo pa webusaiti ya chess ya Lichess mukhoza kuika malo anu pa bolodi yosanthulira n'kuona mwaulere zotsatira za muvu iliyonse. Yankho lanu likasiyana ndi la tablebase, musangoloweza muvu yake. Bwererani pa mafunso aja limodzilimodzi kufikira mutapeza limene munaliyankha molakwika, kaya ndi sikweya, kiyi, muvu yotsala kapena njira ya mfumu, ndipo mulembe malowo m'kope pamodzi ndi funsolo, kuti pakapita sabata mudzawayalenso pa bolodi n'kuwayesa musanayang'ane yankho.